Masekondi 40 omwe adadanitsa khansala ndi msika wake

Patha zaka zoposa zisanu chiyambireni kugwira ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma. Aphungu adalivomereza mu 2016, lidasainidwa mu 2017, kenako lidagona m'kabati mpaka pa 30 Sepitembala 2020. Mkonzi atandituma kuti ndikaone ngati fungo la lamuloli lafika kumakhonsolo, ndinkaganiza kuti ndikaswera ndikuvundukula mafayilo afumbi. Koma chomwe ndidakapeza pa khonsolo ina ya m'chigawo chapakati ndi foni yong'aluka galasi, yotsamizidwa pabotolo la madzi pakati pa tebulo, ikujambula mawu.

Msonkhano wa khonsolo yonse adauitanitsa 9 koloko m'mawa. Udayamba 11 koloko itapitirira, atatha kudikirana. Magetsi adali atathima, mafani ali zii, mawindo onse otsekula. Kutsogolo kudakhala wapampando ndi bwanamkubwa, m'mbalimu makhansala, aphungu awiri, mafumu akuluakulu ndi oimira magulu osiyanasiyana. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kudali mabenchi awiri a anthu wamba. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 limati misonkhano ya khonsolo ndi yotsekukira aliyense, atolankhani omwe. Tsikulo aliyenseyo tidalipo atatu: ine, mphunzitsi wina wopuma ntchito yemwe akuti saphonya, ndi dalaivala wa mmodzi wa aphungu aja, yemwe adangothawa dzuwa m'galimoto ndipo pemphero lisanathe n'komwe adali akusinza.

Mwini foniyo ndi mnyamata wa ku ofesi yofalitsa nkhani pakhonsolopo. Ndi yake yomwe, yogula ndi malipiro ake, ndipo amayilumikiza ku kabatire kam'manja kuti isafere panjira. Msonkhano ukatha amathira mawuwo pa laputopu, n'kutumiza ku wayilesi ya m'deralo ndi kwa apampando a makomiti a chitukuko m'madera a mafumu. Palibe bajeti ya zimenezi. Makhonsolo ena amayesa kuonetsa misonkhano yawo pa Facebook, ena amaitana wayilesi pakakhala ndalama. Pano adangoyamba ndi chomwe chidali m'thumba.

Mabenchi opanda anthuwo asatinamize kuti anthu alibe nazo ntchito. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumudzi, pomwe chipinda cha khonsolo chili paboma. Kuti mayi wa kumalire a boma adzakhale pabenchipo, ayenera kusiya geni yake tsiku lathunthu, kukwera kabaza mpaka pamsewu, kenako minibasi, ndipo akafika apeza mapepala onse ali m'Chingerezi. Tsiku la msonkhano amalidziwa ndi okhawo alandira kalata. Tisaiwalenso kuti makhansala osankhidwa mu 2000 atamaliza nthawi yawo mu 2005, dziko lidakhala opanda makhansala mpaka Meyi 2014, ndipo m'zaka zimenezo anthu adazolowera kuti khonsolo ndi ofesi yodula ziphaso basi. Pachisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 mawodi adali 509. Anthu a wodi iliyonse amatuma munthu mmodzi kuti akawamverere. Za kandimverere akuluakulu adatichenjeza kale, kuti adakanena za m'maluwa.

Nkhani yeniyeni ya foniyo ndidakayimva pamsika wina womwe uli makilomita oposa 50 kuchokera pabomapo, msewu wake wafumbi wokhala ndi timilatho tiwiri tamatabwa. Kumeneko kuli mayi wina wogulitsa tomato ndi anyezi, yemwenso ndi msungichuma wa komiti ya msika. Ndidamupeza akupukuta tomato mmodzimmodzi ndi kansanza konyowa, wamkulu pansi, wofiira bwino pamwamba, wophwanyika pambali kudikira omupempha basela. Ndalama amamanga pamfundo ya chitenje. Foni yake ndi ya mabatani, yomangidwa ndi labala kuti batire lisagwe. Kuseri kwa thandala lake, mapazi owerengeka chabe, kuli mulu wa njerwa ndi malata awiri adzimbiri. Chimenecho chidali chimbudzi cha msika, chomwe chidagwa ndi mvula zaka ziwiri zapitazo. Kuchokera apo amalonda amakadzithandiza kuchigwembe cha kuseri kwa chigayo, amayi chauko, abambo chakuno, ndipo mvula ikagwa madzi a m'chigwembemo amatsetserekera kudimba komwe kumachokera ndiwo zamasamba zogulitsidwa pamsika womwewo. Anthu kuno sadaiwale kolera wa 2022 ndi 2023, yemwe adapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

"Ife chiphaso sitikana, bambo," adatero mayiyo osakweza mutu. "Koma munthu ukhale pano m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kodzithandizira kulibe, zinyalala mpaka m'mawondo, ndiye akuti onjezerani ndalama?"

Khansala wawo adawalonjeza kuti nkhani ya chimbudziyo akayitula kukhonsolo. Patangopita masiku awiri chichitikireni msonkhano, pagulu la WhatsApp la amalonda padagwa kauthenga ka mawu kotalika masekondi 40. Oyamba kukamva adali a butchala, omwe ali ndi foni yaikulu, ndipo adakaliza mokweza nyama ili pasikelo. Mawu adali a khansala wawo, panalibe wokayika: "Wapampando, ine ndikuvomereza kuti chiphaso cha msika chikwere. Khonsolo siingayende popanda ndalama." Kenako m'manja mukuwombedwa, n'kuthera pomwepo.

Dzuwa lisanapendeke msika wonse udali utamva. M'mawa mwake wodula ziphaso adabwera ndi kabuku kake n'kubwerera nako chimodzimodzi, osang'ambapo n'kamodzi komwe. Khansalayo atafika pa njinga yake yamoto kuti adzafotokoze, anyamata a kaunjika adamukuwiza mpaka adalephera kuvula chipewa. Ana asukulu adamupatsa dzina loti Ndikuvomereza, ndipo ankamuitana choncho akamadutsa. Akazi ake adasiya kugula ndiwo pamsikapo, ankatuma mwana kumsika wina kutsidya la mtsinje. Iye ankangobwereza chinthu chimodzi kwa aliyense womupatsa khutu: mverani zonse, mverani zonse. Koma pamsikapo panalibe wodziwa kuti zonsezo zilipo.

Chonsecho zidalipo, ndipo sizidali kutali. Wapampando wa komiti ya chitukuko m'deralo adali nazo m'foni mwake kwa masabata atatu, osatsitsa. Fayilo yake idali ya maola anayi ndi mphindi zake, netiweki kumeneko imagwira munthu akakwera pachulu cha kuseri kwa sukulu, ndipo bando yomwe amagula ndi yongokwanira kulemberana mauthenga. Adayesa kawiri, kabwalo kaja kadazungulira mpaka pakati n'kuima, mayunitsi atapita. Adangozisiya.

Adamasula mfundoyo ndi mwana wa mchemwali wake wa mayi wa tomato uja. Mnyamatayu ali ndi kashopu kotchaja mafoni ndi kuika nyimbo ndi mafilimu m'mamemore khadi, ndipo mwezi uliwonse amapita kuboma kukaoda matchaja ndi mahedifoni. Mayi ake aang'onowo adamupatsa yoonjezera thiransipoti kuchokera m'thumba la komiti, n'kumuuza kuti akapite kukhonsolo akafunse ngati n'zoona kuti kuli mawu ena. Akuti pageti adamufunsa kuti akufuna ndani, pa ofesi yoyamba adamuuza kuti abwere mawa, koma atakumana ndi mnyamata wa foni uja pakhonde, ntchito yonse idatenga mphindi zisanu. Adabwerera ndi kamemore kochepa ngati chikhadabo, atakakulunga m'pepala n'kukaika m'bokosi la machesi.

Adamvera madzulo awiri, m'shedi ya ogulitsa nsomba, malonda atatha. Sipika ya m'shopu ija adayikhazika pakreti, batire la sola pambali. Tsiku loyamba shedi idadzaza, ena ataima panja ndi njinga zawo. Ola loyamba lidawagwetsa ulesi: pemphero, kuwerenga maina a opepesa, kenako kukonza maminitsi a msonkhano wapitawo, pomwe akuluakulu adatha mphindi zambiri akutsutsana za kalembedwe ka dzina la mfumu ina. Oyankhula ankayamba m'Chingerezi, akatenthedwa n'kugwera m'Chichewa, akafuna kuoneka bwino n'kubwereranso. Mphunzitsi wa sitandade 8 ndiye ankamasulira, mnyamata uja akuimitsa ndi kuyambitsa. Anthu atayamba kuzemba mmodzimmodzi, bambo wina wokonza njinga adawakumbutsa za mlandu wa chisankho cha pulezidenti uja, womwe mawayilesi adaulutsa kuyambira mu Ogasiti 2019 mpaka chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020, anthu akumvera m'maminibasi ndi m'magolosale miyezi yonseyo. Adati ngati adapirira wa ku Lilongwe, alephera bwanji wa chimbudzi chawo chomwe. Ena adaseka n'kukhalanso pansi.

Mawu omwe ankawafuna adawapeza tsiku lachiwiri, maola awiri ndi theka atadutsa. Khansala wawo adayamba ndi kufotokoza za chimbudzi chogwa, za chigwembe, za dimba. Adatchula msikawo ndi dzina. Kenako padabwera mawu aja aliyense ankawadziwa pamtima, ndipo m'shedimo ena adayamba kuwatsatira mokweza monyoza. Koma pomwe kauthenga kaja kadathera, sipika idapitiriza. M'manja mutaleka, khansalayo adati: "Koma zikwere chimbudzi chitamangidwa kaye ndi zinyalala zitachotsedwa. Kupanda apo, anthu anga ndilibe nkhope yokawauzira."

M'shedi mudangoti zii. A butchala ndiwo adayamba kuyankhula. "Tabweza, mphwanga." Mnyamatayo adabweza. Adabwezanso kachitatu.

Akadalekera pomwepo, khansalayo akadatuluka woyera ngati ufa. Koma mayi wa tomato adati popeza batire likadali ndi moto, amve mpaka kumapeto. Wapampando wa khonsolo adangoti mfundoyo yamveka, ikaonedwa ku komiti ya zachuma, n'kufunsa ovomereza kukweza ziphaso. Kudamveka chigulu cha mawu, nkhani n'kupita kwina. Khansala wawo sadadzukenso kufunsa kuti nanga chimbudzi chalembedwa pati. Nkhani yonse ya msika wawo siidakwane mphindi zitatu. Chakumapeto kudabwera ya maalawansi ndi mafuta a njinga zamoto za makhansala, ndipo iyoyo idadya kupitirira theka la ola, mawu a munthu wawo akumveka kawiri konse, amphamvu, osapunthwa. Maminitsi atatuluka, mphunzitsi wa sitandade 8 uja adawawerengera mzere umodzi wokha wokhudza iwo, woti khonsolo idagwirizana zokweza ziphaso za m'misika. Za chimbudzi munalibe.

"Kutigulitsa sadatigulitse, tidamulakwira pamenepo," adandiuza mayiyo. "Koma kutimenyera nkhondo sadatimenyerenso. Adangonena kamodzi ngati munthu wopereka moni akudutsa."

Mbiri ya zomwe zidachitika m'shediyo itafika paboma, mkangano udabuka womwe mpaka lero sunathe, ndipo tsiku lomwe ndidalipo udadya gawo lalikulu la msonkhano. Zoti anthu ali ndi ufulu wodziwa palibe akutsutsa, poti aliyense amayamba ndi kuvomereza zimenezo asanati koma. Chomwe chawagawanitsa n'chakuti anthu azipatsidwa mawu onse osadula, kapena khonsolo izikonza chidule cha mphindi 20 kapena 30, m'Chichewa, n'kusunga zotsalazo mu ofesi.

Ofuna chidule ali ndi mfundo zomveka, ndipo si onse omwe akubisa kanthu. Mkulu wina wa mu ofesi ya bwanamkubwa adandifotokozera modekha kuti cholembedwa chovomerezeka cha msonkhano ndi maminitsi, omwe mamembala amawaunika ndi kuwavomereza pamsonkhano wotsatira, wapampando n'kusaina. Mawu a m'foni palibe amawaunika. Muli nthabwala, muli kulakwitsa manambala komwe munthu amakonza pambuyo pake, muli mawu a mkwiyo omwe mwini wake amawabweza. Adafunsanso kuti maola anayi amvera ndani, poti ngakhale wayilesi ya m'deralo imangopereka theka la ola, ndiponso imafuna wolipira nthawiyo. Adati ndi bwino munthu amve mphindi 20 zomveka kusiyana n'kumupatsa katundu yemwe foni yake singasenze.

Makhansala ena akudandaula zina. Akuti chibwerereni foniyo misonkhano yatalika, chifukwa aliyense akufuna amveke kwawo. Munthu amene kale ankangoti ndikugwirizana nazo, lero amayamba ndi kupereka moni kwa mafumu onse a m'wodi mwake, kutchula mijigo yonse yowonongeka ndi milatho yonse yokokoloka, ngakhale nkhani ili patebulo ndi ya malayisensi a mabala. Izi ndidazionera ndekha. Khansala wina ankayankhula atapendekera kubotolo la madzi lija, wapampando atamupatsa nkhongo. Wina wachikulire adandiuza panja kuti kale munthu unkatha kusintha maganizo mnzako akakugonjetsa ndi mfundo, koma tsopano kusintha kumamveka ngati mantha, ndiye aliyense amangouma pomwe waima.

Mafumu nawo ali ndi lawo dandaulo. Iwo m'khonsolo savota, koma akayankhula chipinda chimakhala chete. Gogo chalo wina adaimirira mothandizidwa ndi ndodo n'kunena kuti mawu a mfumu ali ndi malo ake, ndipo sizimusangalatsa kumva kuti anyamata akuliza mawu ake kumalo omwera mowa, kubweza ndi kubwezanso pomwe adatsokomola. Wapampando adayankha mwaulemu wonse, akuti wawa gogo, tamva. M'chipindamo palibe adaseka. Ine m'mtima ndidakumbuka kuti mawu a akuluakulu akoma akagonera, ndipo foniyo ntchito yake ndi yomweyo yowagoneka, koma pabenchi ya anthu wamba sitiloledwa kuyankhula.

Palinso nkhawa yeniyeni ya zinsinsi. M'khonsolo mumatchulidwa maina a ogwira ntchito omwe akuganiziridwa kuti asokoneza ndalama koma mlandu wawo sunaweruzidwe, mikangano ya malo, nthawi zina ngakhale matenda a munthu. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu lomwe lidabwera mu 2024, ndipo khonsolo siingamwaze zoterezi pa WhatsApp ngati mankhusu. Komatu apa yankho lilipo kale. Lamulo lomwe limatsekula chitseko cha msonkhano limalolanso khonsolo kutulutsa anthu panja pakakhala nkhani yachinsinsi. Pomwe mtolankhani wauzidwa kuti atuluke, foni nayo izime, ndipo zimveke m'mawumo kuti apa tazimitsa pachifukwa chakuti. Nkhani zoterezi pamsonkhano sizichuluka. Ya maalawansi si imodzi mwa izo.

Ofuna kuti mawu azituluka onse amafunsa funso limodzi lokha, ndipo sindidamve aliyense akuliyankha mogwira mtima: wodulayo akhala ndani? Mnyamata wa foni uja bwana wake ndi bwanamkubwa. Ntchito ya makhansala, mwa zina, ndi kuyang'anira momwe ofesi ya bwanamkubwa ikugwiritsira ntchito ndalama. Ndiye tsiku lomwe khansala wafunsa za simenti yomwe idagulidwa koma siidafike pasukulu, mnyamatayo akakhala pa laputopu usiku, funsolo alisiya kapena alichotsa? Akapatsidwa wapampando kuti azisankha, a chipani china adzati akutidula dala. Khansala wina wamkazi, mmodzi mwa awiri okha m'chipindamo, adanena kuti iye amapatsidwa mpata kamodzi kapena kawiri pamsonkhano wonse, ndipo chidule chikabwera, woyamba kusowa ndi iyeyo. Adaonjeza kuti maminitsi ndi chidule kale, ndipo anthu a pamsika uja adaona chomwe chidule chimachita ndi chimbudzi chawo.

Chomwe chidandigwira ine pa mkanganowu ndidachimva msonkhano utatha, pamene mnyamata wa foni adandiitanira mu ofesi yake n'kundiveka mahedifoni. Adandiliza kaye kauthenga ka masekondi 40 kaja, kenako malo omwewo m'mawu ake athunthu. Kusiyana kwake n'koonekeratu ngakhale kwa munthu wosadziwa za makina. M'mawu a khonsolo khansalayo akumveka pafupi. M'kauthengako akumveka patali, ndipo pafupi pakumveka mpando ukulira ndi nsalu ikukhuza, ngati foni ili m'thumba la jekete. Kauthenga kaja sikadachokere m'foni ya khonsolo. Adajambula ndi munthu wina wokhala mbali ina ya tebulo, pa foni yake, n'kudula pomwe adafuna.

Apa ndiye pomwe mfundo ya ofuna kuletsa kujambula, poti aliponso oterowo, imagwera. M'chipinda chija muli mafoni oposa chiwerengero cha anthu, ndipo palibe mlonda angasanthule matumba a aphungu ndi mafumu pakhomo. Kudula mawu a mnzako n'kuwamwaza kudzachitikabe, khonsolo ijambule kapena isajambule. Chomwe chidapulumutsa khansala uja n'chakuti kwinakwake kudali mawu athunthu oti munthu n'kukawatenga. Zikadakhala kuti khonsolo idangosunga chidule, kapena maminitsi okha, bwenzi mpaka lero ali Ndikuvomereza. Chodabwitsa n'chakuti iye mwini, nditamufunsa, sadaonetse chimwemwe chenicheni ndi foniyo. Adati idamuchotsa m'moto n'kumukhazika padzuwa, chifukwa tsopano akapita kumsika samufunsanso za chiphaso, amamufunsa za mafuta a njinga.

Kunena zoona, mbali ziwirizi zikukangana ngati kuti n'zosatheka kuchita zonse ziwiri. Chidule cha m'Chichewa n'chofunika, ndipo kumadera kwina chiyenera kukhala m'Chiyao, m'Chitumbuka kapena m'Chisena, chifukwa mayi wa geni sangamvere maola anayi miyezi itatu iliyonse. Koma chidulecho anthu angachikhulupirire pokhapokha akudziwa kuti mawu onse ali pena pake pomwe aliyense wokayika angakawatenge osafunsidwa kuti ndiwe yani. Mnyamata wa foni uja wayamba kale kudula fayiloyo m'zigawo malinga ndi mitu ya nkhani, ya misika payokha, ya misewu payokha, kuti munthu azitsitsa yokhayo ikumukhudza popanda kuchotsapo liwu. Wapemphanso wapampando kuti aliyense asanayankhule azimutchula udindo ndi wodi yake, poti m'sipika simuoneka nkhope. Wapampando amakumbukira ola loyamba, kenako amaiwala.

Mphunzitsi wopuma ntchito uja, mnzanga wa pabenchi, adandinong'oneza china chomwe onse okanganawo sakuchitchula. Adati nyama imasendedwa kumakomiti, kukhonsolo yonse kumangobwera msuzi. Komiti ya zachuma, ya chitukuko, ya zomangamanga, ndiko manambala amapindidwa, ndipo kumeneko foni siilowa. Nkhani ya chimbudzi ija adati ikaonedwa ku komiti ya zachuma. Ngati idakaonedwa, ndipo ndani adanena chiyani, pamsika palibe akudziwa. Iye akuti waona kale kuti chiyambireni kujambula, nkhani zina zolemera zikumafika pamsonkhano waukulu zitapsa kale, wapampando wa komiti n'kungowerenga lipoti, ovomereza n'kuvomereza.

Tsikulo mkanganowo sudathe. Adautumiza ku komiti.

Nditabwerera kumsika sabata yotsatira, ndidapeza kuti komiti ya msika idalemba kalata yopita kukhonsolo, ndipo m'kalatamo adatchula ola ndi mphindi yomwe khansala wawo adanena za chimbudzi, kuti wofuna akamvere yekha. Mphunzitsi wa sitandade 8 ndiye adayilemba m'Chingerezi, mayi wa tomato n'kusaina. Yankho silinabwere, koma thirakitala idabwera kamodzi kudzatenga zinyalala, ndipo pafupi ndi mulu wa njerwa uja pakumbidwa dzenje lofika m'chiuno. Ena akuti akumba ndi a khonsolo, ena akuti ndi khansala wa m'thumba mwake. Ziphaso ena ayamba kulipira, ena akudikira denga.

Kushopu kwa mnyamata uja kwawonjezeka malonda. Pamndandanda wolembedwa ndi choko pachitseko, pansi pa nyimbo zauzimu ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, palembedwa kuti za kukhonsolo ziliponso, mtengo wake wofanana ndi wa nyimbo. Akuti ogula ambiri ndi madala, ndipo amafunsa kaye ngati muli mkangano. Madzulo amenewo, pamene ndinkadikira njinga yondibweza kumsewu, ana asanu ankasewera kuseri kwa mathandala. Mmodzi adakhala pachidebe, enawo pansi, ndipo pakati pawo adaimika chitsononkho chotsamira pabotolo. Kamtsikana kena kadakweza mkono n'kunena kuti wapampando, ine sindikuvomereza. Wapachidebeyo adakauza kuti nthawi yatha.

Msonkhano wotsatira wa khonsolo yonse uliko miyezi itatu ikubwerayi. Memore ija mnyamata wa kushopu uja adayibwezera m'bokosi la machesi, ndipo akuti saikamo nyimbo mpaka chimbudzi chitafoleredwa.